Kujambula Kwatha, Osonkha Akudikira: Momwe Mungawadziwitsire za Filimu Mpaka Tsiku Loonetsa

Nthawi yojambula aliyense amaona kuti ntchito ikuyenda. Kamera ili pamsika wa Ngabu, ana akuthamangira kumbuyo, zithunzi zikugwa pa Facebook madzulo aliwonse. Vuto limayamba kamera ikabwerera m'chikwama. Ntchito imalowa m'chipinda, pa laputopu, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo mayi amene anagulitsa thumba la chitowe kuti asonkhe saonanso kalikonse. Mlamu wanu wa ku Johannesburg amene anatumiza ndalama kawiri amayamba kufunsa abale ngati mudakali ndi moyo. Kuchedwa anthu amakhululuka, chifukwa aliyense kuno anamangapo nyumba yomwe inatenga zaka. Chomwe sakhululuka n'kukhala chete. Mukakhala miyezi itatu osanena kanthu, wina amanena m'malo mwanu, ndipo mawu ake amakhala amodzi: anadya ndalama. Mawu amenewo akatuluka pa Dyeratu m'mawa, madzulo afika ku Bangula.

Yambani ndi kaundula

Simungadziwitse anthu amene simukuwadziwa. Musanalembe uthenga uliwonse, khalani pansi tsiku lathunthu n'kulemba aliyense amene anaponya kanthu mumsonkhemsonkhe. Pa munthu aliyense lembani dzina lake monga akufunira kuti lioneke kumapeto kwa filimu, nambala ya foni, kuchuluka kwa ndalama, tsiku, njira imene inadzera (Airtel Money, Mpamba, banki kapena pamanja), nambala ya risiti ya mu SMS, chimene munamulonjeza, chiyankhulo chimene amamva bwino, ndi malo a malonda amene ali naye pafupi. Onjezani danga limodzi lomwe ambiri amaliiwala: kodi akufuna kuti dzina lake lidziwike? Pali anthu amene anasonkha mobisa amuna awo kapena akazi awo, ndipo kuwathokoza pagulu kumakhala kuwayatsira moto m'nyumba.

Dzina limene limabwera pa SMS ya Airtel Money kapena Mpamba nthawi zambiri silikhala la wosonkha. Limakhala la ejenti, kapena la mdzukulu amene foni yake inagwiritsidwa ntchito. Imbani nambala iliyonse yomwe simukuizindikira pamene anthu akukumbukirabe. Pakatha miyezi isanu ndi itatu ejenti sangakumbukire kuti K5,000 ya tsiku lakuti inali ya ndani. Musadalirenso kuti ma SMS adzakhalabe m'foni: foni imabedwa, imagwa m'madzi, imadzaza n'kufufutidwa.

Lembaninso amene sanapereke ndalama koma anapereka bwato, mafuta a njinga yamoto, chipinda chogona kapena nsima ya anthu khumi kwa sabata. Amenewa ndi osonkha ngati ena onse, ndipo ndi amene amapwetekedwa kwambiri akaiwalika.

Kaundulayu akhale pawiri: pa Google Sheets, komanso m'buku lachikuto cholimba losungidwa m'pulasitiki pamalo okwera.

Ngati ndalama zina zinadzera pa Kickstarter kapena GoFundMe, masamba a pa intaneti osonkherapo ndalama, kumbukirani kuti munthu wokhala m'Malawi sangatsegule msonkho pamasamba amenewa yekha, choncho akaunti imakhala m'dzina la mbale kapena mnzanu wa kunja, monga ku UK kapena America. Mafunso onse a osonkha amapita ku imelo ya iyeyo. Gwirizanani momveka: iye akutumizireni funso lililonse pasanathe masiku awiri, inu mumulembere yankho, ndipo uthenga wa pamwezi uikidwe patsambalo tsiku lomwelo limene mwautumiza kuno. Osonkha a kunja akamva nkhani mochedwa kuposa a kumudzi, kapena mosiyana, amayamba kufananiza, ndipo amapeza kusiyana ngakhale pamene palibe bodza.

Njira yofikira munthu aliyense

Njira imodzi siikwanira, chifukwa osonkha anu si amtundu umodzi. Pali a foni zamakono za WhatsApp, pali a foni za mabatani, ndipo pali agogo amene amamva nkhani kwa mwana wa sukulu.

Kwa a WhatsApp, gulu limatenga anthu mpaka 1,024, koma lili ndi zovuta ziwiri. Aliyense amaona nambala ya mnzake, zomwe zimatsegulira khomo akuba amene amaimba n'kunena kuti "tikuonjezera msonkho, tumizani pa nambala iyi". Chachiwiri, gulu losatsekedwa limadzaza ndi mauthenga a mmawa wabwino, maulaliki ndi mikangano ya mpira, uthenga wanu n'kumira. Ngati mwasankha gulu, litsekeni kuti olemba akhale ma admin okha, ndipo lembani pamwamba kuti nambala yolandirira ndalama ndi imodzi ndipo sidzasintha popanda mawu a inu mwini. Mndandanda wa broadcast umabisa manambala, koma umatenga anthu 256 okha, ndipo uthenga umafika kwa amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo basi. Ambiri amatumiza miyezi itatu akuganiza kuti onse akulandira, pomwe theka silinaonepo kanthu. Mukatumiza koyamba, pemphani aliyense ayankhe "ndalandira", ndipo amene sanayankhe muwaimbire.

Kwa a foni za mabatani, SMS imodzi imatenga zilembo 160. Lembani chiganizo cha pomwe ntchito yafika, ndi tsiku la uthenga wotsatira. Kwa amene sawerenga, jambulani voice note yosapitirira mphindi ziwiri, ya Chichewa ndi ina ya Chisena ngati muli ndi osonkha a ku Nsanje amene amamasuka nacho. Voice note yotere siifika ngakhale MB imodzi, choncho imadutsa pamene netiweki ili yofooka.

M'dera lililonse mukhale munthu mmodzi wokhulupirika, wina ku East Bank, wina ku Nchalo, wina ku Makhanga, woti azisewerera anthu voice note-yo ndi kuwaonetsa kakanema. Mpatseni bandulo pamwezi. Koma musamutume kukafotokoza ndi pakamwa pake: kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu amve mawu anu enieni.

Afumu amene analoleza kujambula m'mudzi mwawo satumiziridwa SMS. Pitani nokha, kapena tumani munthu wamkulu, kamodzi pa miyezi itatu.

Tsiku limodzi, mwezi uliwonse

Sankhani tsiku, mwachitsanzo Loweruka loyamba la mwezi, ndipo lilengezeni. Kamodzi pamwezi n'kokwanira panthawi yokonza filimu. Sabata iliyonse mudzasowa chonena n'kuyamba kubwereza, anthu n'kusiya kuwerenga. Tsikulo likafika tumizani, kaya pali nkhani yokoma kaya palibe. Mwezi umene ntchito sinasunthe ndi umene uthenga ukufunika kwambiri. Lembani uthengawo kutatsala masiku awiri, kuti magetsi akazima kapena netiweki ikasowa mukhale nawo kale m'foni. Ndipo pakhale munthu wachiwiri wodziwa kulowa mu akaunti zonse, kuti inu mukagona m'chipatala ndi malungo, tsiku lisadutse.

Tumizani cha m'ma 6 koloko madzulo. Anthu amakhala atachoka kudimba, a ku Johannesburg ali pa ola lomwelo ndi ife, ndipo a ku London ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.

Zolemba mu uthengawo

Uthenga wabwino umayankha mafunso anayi: chachitika n'chiyani mwezi uno, chatsala n'chiyani, ndalama zili pati, ndipo mudzamvanso liti. Mawu 150 mpaka 200 akwana. Ikani manambala. "Ntchito ikuyenda bwino" sikunena kanthu. "Mwa zigawo 42 talumikiza 30" munthu akhoza kukuyezani nako mwezi wamawa. Nachi chitsanzo, manambala ake ndi ongoyerekeza:

"Amayi, abambo, achimwene ndi achemwali, takulandirani ku uthenga wachisanu. Mwezi uno talumikiza zigawo 30 mwa 42. Tinalonjeza 36, koma hard drive imodzi inafa pa 11, ndipo tinataya masiku asanu ndi anayi tikukopera zinthu kuchokera pa yachiwiri. Palibe chithunzi chatayika. Tagula ina pa K140,000, risiti ili m'munsimu. M'thumba mwatsala K610,000, ndipo ya wokonza mawu, K350,000, sitinaikhudze. Chifukwa cha kuchedwaku, kuonetsa kwa mu Juni kwasunthira mu Ogasiti. Kakanema ka masekondi 40 ka asodzi a ku Elephant Marsh tikutumiza pambuyo pa uthengawu, ndi ka MB 5. Mudzamvanso kwa ife Loweruka pa 3. Zikomo, takhuta."

Onani kuti nkhani yoipa ili pakati poonekera, pamodzi ndi chifukwa chake ndi mtengo wake, osati kumapeto m'mawu ozembazemba. Onaninso kuti kukula kwa kakanema kwanenedwa. Munthu wa bandulo ya MB 50 ayenera kusankha yekha ngati atsegule.

Kakanema kotumiza kakhale ka masekondi 30 mpaka 60. Kachepetseni ndi HandBrake, pulogalamu yaulere: pa 480p ndi liwiro la 1 Mbps, mphindi imodzi imakhala pafupifupi MB 8, pamene pa 720p ndi 2 Mbps imafika MB 15. Pafoni yaing'ono kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Lembani pakona pa chithunzi kuti "sinathe kukonzedwa", chifukwa kanthu kakalowa pa WhatsApp kamayenda kokha, ndipo mudzakapeza pa foni ya wa kabaza amene akuganiza kuti filimu ndi yomweyo.

Afotokozereni chimene mukuchita m'chipindamo

Apa ndi pamene opanga mafilimu ambiri amalephera, chifukwa amaiwala kuti wosonkha sanaonepo ntchito yokonza. Kwa iye, kujambula kukatha filimu yatha; chatsala n'kuika pa fulashi. Ndiye mu uthenga woyamba weniweni, yalani masitepe onse, ndipo mwezi uliwonse muziloza pomwe mwaima. Fanizo la nyumba limagwira bwino: kujambula ndi kuumba ndi kuwotcha njerwa, ndipo njerwa zili pa uvuni si nyumba.

Choyamba ndi kukopera ndi kusanja. Zonse zojambulidwa zimakhala pamalo atatu, limodzi mwa malowo lili kutali ndi nyumba yanu, ndipo mkonzi amaonera chilichonse n'kulemba zomwe zili m'katimo. Ngati munajambula maola 40, kungoonera kokha ndi sabata yathunthu ya ntchito, musanadule kalikonse. Auzeni osonkha nambala imeneyi. Imawatsegula maso kuposa chilichonse.

Kenako kulumikiza koyamba, komwe okonza amati rough cut: nkhani yonse yaikidwa mundondomeko koma ndi yaitali, mwina maola awiri ndi theka pa filimu yomwe idzakhale ya mphindi 80. Ndiye pamabwera kudula ndi kusuntha, kuonetsa anthu ochepa, kudulanso, mpaka tsiku limene mwagwirizana kuti chithunzi sichisinthanso. Limeneli amati picture lock, ndipo ndi tsiku loyenera kulilengeza mokondwa, chifukwa ndi pamene denga lakwera. Afotokozereni chifukwa chake n'lofunika: wokonza mawu ndi woimba nyimbo amayeza ntchito yawo pa sekondi iliyonse ya chithunzi, ndiye mukadula masekondi atatu pambuyo pake, zonse za kutsogolo zimasemphana ndipo amalipiritsanso.

Mawu ndi amene amadya nthawi imene palibe anaiwerengera. Kuno mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imawomba mu maikolofoni, nyenje zimalira usiku wonse, chigayo chimagunda patali, njinga zamoto sizileka. Zina zimachotseka pa kompyuta, zina zimafuna kuti wosewera abwerenso kudzalankhula mawu omwewo m'chipinda chachete akuyang'ana milomo yake pa sikirini. Ngati wosewerayo anapita kukagwira ntchito ku Mozambique, mwezi wapita. Tumizirani osonkha masekondi 15 a mawu asanakonzedwe ndi masekondi omwewo atakonzedwa. Palibe chimene chimaonetsa kumene ndalama zapita ngati chimenechi, ndipo chimamveka ngakhale pa foni yotchipa.

Kukonza mitundu ya chithunzi kumachitika pa mapulogalamu ngati DaVinci Resolve, yomwe ili ndi mtundu waulere koma imafuna kompyuta yamphamvu. Apanso chithunzi chimodzi choonetsa mbali yosakonza ndi yokonza chimanena zambiri.

Mawu omasulira olembedwa m'munsi mwa sikirini musawachepetse. Filimu ya mphindi 90 yolankhula kwambiri imatha kukhala ndi mawu a m'munsi okwana chikwi kapena kupitirira, lililonse la mizere yosaposa iwiri, mzere wa zilembo pafupifupi 42, ndipo lililonse liyenera kulowa ndi kutuluka pa nthawi yake. Ngati m'filimu muli Chisena ndi Chimang'anja, mudzafuna omasulira awiri, wina wopita ku Chingerezi, komanso mwina mawu a Chichewa kwa oonera a ku Lilongwe amene Chisena chimawadutsa. Pakati pa osonkha anu pali aphunzitsi opuma amene angakuwerengereni mawuwa n'kugwira zolakwika. Apempheni. Munthu amene wagwirako ntchito safalitsa mphekesera.

Pomaliza pali zilolezo: kalata yosainidwa ya nyimbo iliyonse imene si yanu, pomwe a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, angakuthandizeni kupeza mwini wake, ndi kupereka filimu ku Censorship Board kuti aione ndi kuiika m'gulu la zaka musanaonetse pagulu. Zimenezi zimayenda pa liwiro la eni ake, osati lanu. Musalengeze tsiku loonetsa zisanatuluke.

Ndalama

Miyezi itatu iliyonse tumizani chithunzi cha tsamba limodzi: zolowa, zotuluka m'magulu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi zotsala. Yambani ndi ndalama imene inafikadi m'manja, osati imene inalengezedwa. Kickstarter imadula 5 peresenti, ndipo okonza malipiro amadulanso pakati pa 3 ndi 5 peresenti. Makadi ena a osonkha amakana. Banki imadula potumiza. Ejenti amadula potapa. Anthu akamva kuti zinasonkhedwa K4 miliyoni koma inu mukuwerengera kuchokera pa K3.6 miliyoni osafotokoza, K400,000 imeneyo adzaiona m'thumba mwanu.

Kwacha nayo imasuntha pansi pa mapazi anu. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja, hard drive, batire, memori khadi, chinakwera nthawi yomweyo. Bajeti yolembedwa chaka chatha ikhoza kusakwana lero popanda wina kuba. Ngati zatero, onetsani mtengo wakale ndi watsopano wa chinthu chimodzichimodzi. Ndalama ya filimu isasakanikirane ndi ya pakhomo: nambala yakeyake, akaunti yakeyake, ndipo osainira akhale awiri. Ngati mukudzilipira nokha kanthu, lembani poyera. Kudzilipira si tchimo. Kubisa ndiko kumaononga.

Kupemphanso ndalama kachiwiri n'kotheka, koma kamodzi kokha, mutatha kuonetsa tsamba la ndalama, ndi pa chinthu chimodzi chodziwika mtengo. "Tikufuna K280,000 ya wokonza mawu, ndipo ikapezeka filimu ituluka pakatha masabata khumi" anthu amamva. Nenaninso kuti amene sangathe kuonjezera sataya kalikonse mwa zomwe analonjezedwa. Ndipo onani nyengo: mu Janyuwale ndi Febuluwale anthu akusaka chakudya. Dikirani agulitse thonje, chitowe kapena nandolo.

Zikavuta

Zikavuta nenani pasanathe sabata, osadikira tsiku la pamwezi. Nenani chachitika, chimene chatayika ndi chimene chapulumuka, chimene mukuchita, ndi tsiku latsopano. Musaloze munthu chala pagulu. Ngati mkonzi wasiya ntchito, nenani kuti mkonzi wasintha ndipo zitenga masabata angati kuti watsopano azolowere. Za mkangano wanu zikhale zanu.

Zovuta zina za kuno n'zodziwikiratu, ndipo ndi bwino kuziika m'ndondomeko kuyambira pachiyambi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha, ndiye ntchito yotulutsa filimu ya maola awiri imatenga asanu kapena kuima pakati, ndipo hard drive yosiyidwa m'chipinda cha malata masana imafupika moyo. Gwirani ntchito kuyambira 4 koloko m'bandakucha mpaka 10, kenako usiku, ndipo auzeni osonkha kuti miyezi imeneyi tsiku la ntchito ndi theka. Kuyambira Janyuwale mpaka Malichi ndi madzi. Chigwa chino cha Shire chinaona madzi osefukira a 2015, komanso anamondwe Idai mu 2019, Ana mu Janyuwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Namondwe Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Msewu wa M1 ukaduka, simungakwere ku Blantyre kukaonana ndi wokonza mawu, ndipo mitsinje ikadzaza ku East Bank sikufikika. Choncho mvula isanayambe, hard drive imodzi ikwere phiri, ikakhale kwa munthu wodalirika ku Blantyre kapena ku Thyolo, ndipo osonkha auzidwe kuti zatero. Pa nthawi ya madzi osefukira, ambiri mwa iwo amakhala atataya zambiri kuposa inu. Uthenga wa mwezi umenewo uyambe ndi kuwafunsa za moyo, ndipo za filimu zikhale mizere iwiri.

Polonjeza masiku, tengani nthawi imene mkonzi wanena n'kuonjezera theka lake. Nenani mwezi, osati tsiku, mpaka mawu atamalizidwa. Tsiku likasuntha kachitatu, siyani kulonjeza lina. M'malo mwake nenani masitepe otsala ndi kutalika kwa lililonse.

Padzapezeka wina wokwiya wofuna ndalama yake. Muimbireni, musakangane naye pagulu. Mumvereni mpaka amalize, muonetseni tsamba la ndalama, ndipo ngati akuumirirabe ndipo ndalamayo ndi yochepa, m'bwezereni n'kulemba m'kaundula. Malamulo a Kickstarter nawo amafuna kuti wolephera kukwaniritsa lonjezo afotokoze ntchito imene yachitika, momwe ndalama zinayendera, ndi kubweza zotsala. Ngati filimu yafa ndithu, chitani chimodzimodzi kuno, pamaso pa anthu.

Zosatumiza

Musatumize filimu yonse, ngakhale kwa amalume amene anasonkha kwambiri. Ikafika pa foni imodzi, sabata yomweyo ili pa memori khadi kwa anyamata oika nyimbo pamsika, ndipo zikondwerero za mafilimu zambiri sizilandira filimu imene yafala kale pa intaneti. Ngati mukufuna kuti ochepa aione isanathe, aitaneni m'chipinda chimodzi, mafoni asiyidwe pakhomo. Kwa a kunja, linki ya Vimeo yokhala ndi password imene mudzaitseke pakatha masiku atatu ndi yotetezeka kuposa linki yobisika ya YouTube, yomwe aliyense woilandira akhoza kupatsira mnzake.

Musatumize nkhope ya mwana popanda chilolezo cha makolo, kapena ya munthu amene analankhula zakukhosi pa nkhani ya matenda, malo kapena banja, iye asanaone yekha. Zamwambo, monga za kukachisi wa Mbona ku Khulubvi kapena za kudambwe, ngati akuluakulu analola kuti zilowe m'filimu, sanalole kuti ziziyenda pa WhatsApp. Afunseni padera. Musanenenso kuti filimu "ikupita ku Zanzibar" kapena "ku Durban" pamene mwangotumiza fomu ku chikondwerero cha mafilimu cha kumeneko. Nenani kuti mwatumiza, ndi mwezi umene yankho likuyembekezeka, ndipo akakana nenaninso.

Maina, mphatso ndi tsiku loonetsa

Kutatsala mwezi kuti mutseke filimu, tumizani kwa aliyense dzina lake monga lalembedwera, ndipo perekani masiku 14 oti akonze. Tumizani kwa munthu payekha, osati mndandanda wonse pagulu. Maina a Chisena ndi Chimang'anja amalakwitsidwa kawirikawiri ndi olemba amene sanawazolowere, ndipo wina amafuna mfunda, wina dzina la malemu mayi ake, wina la mpingo kapena la banki m'khonde yawo. Dzina lolakwika pa sikirini, pamaso pa mudzi wonse, limafafaniza chaka chathunthu cha mauthenga abwino. Maina aime nthawi yokwanira kuti munthu wowerenga pang'onopang'ono apeze lake. Yesani ndi agogo, osati ndi mkonzi. Ndondomeko ya alifabeti imapewetsa mkangano wa amene anapereka zambiri.

Malaya, mapositala ndi mafulashi olonjezedwa agawidwe kudzera mwa anthu anu a m'madera aja, aliyense asainire m'buku. Za kunja dikirani wapaulendo wodziwika, ndipo muwauze eni ake kuti zili m'njira ndi ndani.

Osonkha ndi anthu a m'midzi imene munajambulamo aone filimu anthu a m'tauni asanaione, kapena sabata yomweyo. Konzani malo awiri kapena atatu, chifukwa wa ku Chapananga sangapite ku Nsanje boma pa thiransipoti yake. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwino: kulibe mvula, usiku n'kozizira, misewu ikuyenda. Yesani pulojekita, masipika ndi jenereta pamalo omwewo dzulo lake, mukhale ndi mafuta a maola anayi ndi filimu pa mafulashi awiri, ndipo muyambe dzuwa litalowa, cha m'ma 6 koloko. Dziwitsani afumu ndi apolisi a m'deralo pasadakhale. A kunja apatseni linki usiku womwewo.

Pakatha masabata awiri tumizani uthenga womaliza: tsamba lonse la ndalama kuyambira tambala yoyamba, chiwerengero cha mphatso zimene zafika ndi zimene zatsala, ndi kumene filimu ikupita tsopano. Funsani amene akufuna kupitiriza kumva za ntchito zanu kuti anene okha. Otsalawo achotseni pa mndandanda, gulu litsekedwe, ndipo manambala awo musapatse munthu wina aliyense, ngakhale mnzanu amene akuyamba msonkho wa filimu yake.